Pamphambano Panalibe Woima

1. Kampweya

Loweruka limenelo Namzeze anadzuka kusanatenthe. Dzina limeneli anam'patsa ndi anzake a m'kagulu ka njinga, chifukwa potsetsereka ankadutsa ngati kambalame kaja kosadziwa kutera.

Mayi ake anam'peza pakhonde akuthira mafuta tcheni. M'manja anali atanyamula kabotolo kopopera mankhwala m'kamwa, kamene pabanjapo ankakatcha kampweya. Kanali ka mlongo wake wamng'ono, amene ankadwala mphumu.

"Sunga iweyo aka," anatero mayiwo. "Mwiniwakeyu akakasiya pamwala monga anasiyira nsapato ya sukulu."

"Nsapato ija inabedwa, amayi," anayankha mnyamatayo ali m'nyumba.

"Wakuba wake wa mwendo umodzi?"

Mnyamatayo anatuluka akuseka, akukankha njinga yake. Kumbuyo kwa chishalo anali atamangirira botolo lalikulu la madzi ngati akupita kukazimitsa moto. N'chifukwa chake aliyense ankamuitana kuti Chigubu. Ulendo wa kunkhalango unali woyamba kwa iye.

Mayi aja sanaseke. Anagwira handulo ya Namzeze.

"Ndamulola chifukwa adokotala anati kupalasa pang'onopang'ono kumalimbitsa chifuwa. Koma fumbi ndi utsi ndiwo adani ake. Iwe sunaonepo mwana akufuna mpweya n'kuusowa. Ulendo uja tinathamanga naye kuchipatala iwe unali m'tulo. Ine ndinamunyamula m'manja muno, milomo itayera ngati phulusa. Pamene pali iye, iwenso ukhale pomwepo. Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

Anaponya kampweya m'thumba la kumbuyo kwa jezi, nakwera njinga.

2. Lamulo la amalume

Gulu linkakumana pachisakasa cha malata pamene amalume ake a Namzeze ankakonzera njinga. Kudenga kunali kutapachikika mafelemu ndi malimu opindika. Pakhomo panali beseni la madzi akuda loyeseramo machubu, ndipo ponseponse pankanunkha girisi ndi guluu.

Amalumewo anakhalitsa kunja kwa dziko. Anabwerako ndi imvi, mwendo wotsimphina ndi mulu wa njinga zakale zimene anthu akumeneko anazitaya. Anazikonza imodziimodzi, n'kuyamba kutenga achinyamata kupita nawo m'misewu ya miyala ya m'nkhalango, imene magalimoto anasiya kuyendamo kalekale.

Tsikuli panali mlendo wa jezi yofiira. Anachokera ku timu yaikulu ya mumzinda kudzafuna achinyamata a liwiro. Aliyense ankayesa kuoneka ngati sakumuyang'ana.

Amalume anaimba wenzulo.

"Tamverani kuno, inu a miyendo yoyabwa. Kumene tikupitaku mumakukonda chifukwa kulibe galimoto. Koma kumene kulibe galimoto yokugunda, kulibenso galimoto yokunyamula. Mafoni anuwo akafika kumeneko amasanduka magalasi odziyang'anirapo nkhope. Kulibe chikwangwani, kulibe wogulitsa nthochi woti mum'funse njira.

"Ndiye ife njira timapatsana. Ukafika pokhotera, ima. Wa patsogolo pako usamuyang'anenso, ameneyo zake zatha. Yang'ana kumbuyo. Dikira mpaka wa kumbuyo kwako atulukire, akuone ndi maso ake, akweze dzanja. Akakweza dzanja, pita. Iye atsale pomwepo kudikira wake. Ukafika pamphambano n'kupeza palibe munthu, ndiye kuti si pokhotera, pitirira ndi msewu waukulu. Munthu woima ndiye chikwangwani chathu. Choncho ukachoka usanapereke njira, sunangomusiya mnzako ayi. Wamunamiza. Wamuuza kuti, 'Pitirira, kutsogoloko kuli bwino.'"

Anamenya ntchafu yawo ndi sipanala.

"Mwendo uwu sunabadwe chonchi. Ndinagona nawo m'chigwembe kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nyerere zikundiyesa maliro. Wa patsogolo panga anafuna kukhala woyamba. Anakhaladi woyamba. Anam'patsa kachikho. Ndikhulupirira amamweramo tiyi mpaka lero."

Kenaka anandandalika anawo. Kutsogolo anaika mlendo uja pamodzi ndi Sipoko, mnyamata woonda wamtali amene ankaidziwa njira. Namzeze anamuika kumapeto, patsogolo pa Chigubu. Kumbuyo kwa Chigubu kunali kamtsikana kena kachilendo m'gululo, ndiyeno amalume eniake otsekera.

"Amalume, mlendoyu andiona bwanji ndili kumchira?" anadandaula Namzeze.

"Akafuna kukuona atembenuka. Khosi ali nalo."

Sipoko anadutsa pafupi akuliza belu. "Lero Namzeze ndi mlezi. Matewera watenga?"

Namzeze anakankhira njinga yake kumchira.

3. Nthambi m'nkhalango

Anadutsa pachitsulo chotchinga magalimoto, phokoso la m'tauni n'kutsalira kumbuyo. Kunangomveka matayala akutafuna timiyala ndi matcheni akulira.

Amene anaiona nkhalangoyi kale amadziwa kuti inali ndi denga. Munthu ankayenda tsiku lonse dzuwa osamukhudza paphewa. Lero mitengo yatsala ya m'mbali mwa msewu, yoima ngati nsalu yotchinga manyazi. Ukasuzumira kuseri kwake umapeza zitsa zokhazokha mpaka kuphiri. Koma ana amene sanaone dengalo amati kukongola n'komweku, ndipo palibe angawadzudzule.

Anawoloka timitsinje, nakwera zitunda, natsetsereka. Pokhotera paliponse lamulo linkayenda bwino. Namzeze ankaima, Chigubu n'kutulukira ali wefuwefu, n'kukweza dzanja ngati nduna yolonjera anthu.

"Achemwali, musadandaule. Ine ndine lole. Ndimachedwa koma ndimafika."

"Palasa, iwe! Pakamwa pokha ndiye pali magiya."

Dzuwa litakwera anafika patsinde pa phiri lalikulu. Pamenepo msewu waukulu unkapitirira kutsikira kuchigwa. Njira ya kunyanja inali kanjira kakang'ono kokhotera kumanja, kobisika m'udzu, kokwera chokhotakhota. Wosaidziwa akanadutsa osaona kanthu.

Mwana wa atelala, amene anali patsogolo pa Namzeze, anali ataima pamenepo. Namzeze anakweza dzanja. Mnyamatayo analowa m'udzu muja, nayamba kukwera.

Namzeze anatsala yekha. Anaponda pansi ndi mwendo umodzi, nayang'ana kumbuyo. Kunali zii.

Kumwamba kwa phiri kunamveka mfuu. Anakweza maso, naona jezi yofiira ikukhota pakati pa miyala, Sipoko ali pambali pake. Mlendoyo ankaloza uku ndi uku, akuona mmene ana ankakwerera. Phiri limeneli Namzeze ankalidziwa ngati khonde la kwawo. Panalibe wina m'gululo amene akanamuposa pamenepa.

Anayang'ananso kumbuyo. Kutali, kumunsi kwenikweni, kachipewa kachikasu ka mlongo wake kanatulukira pamtsinje. Chigubu anali atatsika. Ankamasula botolo lake mosafulumira.

"Chigubu! Iwe Chigubu!"

Mphepo inabweza mawuwo. Namzeze anagwedeza mikono yonse iwiri. Kachipewa kaja kanapendekera kumbuyo, koma kunali kumwa madzi.

"Wandiona," anatero chapansipansi.

Dzanja silinakwere. Iye anaona bwinobwino kuti silinakwere.

Anathyola nthambi, naigoneka pakati pa msewu, nsonga yake italoza kumanja. Nthambi m'nkhalango! Kunali ngati kusiya kamchenga pagombe kuti kakhale chizindikiro. Kenaka anaimirira pamapedulo, nalowa m'udzu.

4. Kunyanja

Anakwera ngati wathawa njuchi. Anadutsa mwana wa atelala, nadutsa ena awiri amene ankakankha njinga, nadutsa onse. Pamwamba pa phiri anapezana ndi Sipoko, ndipo potsetsereka anamusiya akudya fumbi.

Nyanjayo inali yaing'ono, yogona pakati pa mapiri, madzi ake obiriwira ali phee. Mlendo uja anafika akupukuta thukuta.

"Mtsikana iwe unali kuti nthawi yonseyi? Miyendo imeneyi wakhala ukuibisa kwa yani? Tikapuma ndikufuna iwe ndi wamtaliyu muzungulire nyanjayi. Amene ayambe kufika pamtengo uwu, ndikambirana ndi makolo ake."

Namzeze anamva kukoma mpaka m'zala. Ena anafika mmodzimmodzi, nagwera pa udzu. Mwana wa atelala anamuyang'ana modabwa.

"Wafika bwanji msanga chonchi? Mlongo wako unam'patsa njira?"

"Eee."

"Anakweza dzanja?"

"Ndati eee. Ndiwe wapolisi?"

Anakakhala payekha, natsamira mwala. Chinthu cholimba chinamubaya kumsana. Anapisa dzanja m'thumba, natulutsa kampweya.

Anakayang'ana. Kenaka anayang'ana kuphiri kumene anatsikira. Kunalibe kachipewa kachikasu. Chakumanzere kwa phirilo, kuchigwa kumene msewu waukulu unkalowera, utsi unali tolo, wotuwa, wokwawa pansi ngati nkhungu.

"Tiyeni, othamanga anga!" anaitana mlendo uja, akuomba m'manja.

Sipoko anali atakwera kale. "Bwera, mlezi. Kapena mantha?"

Namzeze anadzutsa njinga yake. Anaitembenuzira kuphiri.

"Nyanja ili uku, iwe!" anakuwa Sipoko.

"Mtsikana, ukachoka pano mwayi sudikira," anatero mlendoyo.

Iye sanacheuke.

Pakati pa phiri anakumana ndi amalume akukwera ndi kamtsikana kachilendo kaja. Manja awo anali bii ndi girisi. Tcheni cha kamtsikanako chinali chitaduka, ndipo anachedwa kuchilumikiza.

"Chigubu ali kuti?" anafunsa Namzeze.

"Ukufunsa ine? Pamphambano sindinapeze munthu. Ndimati mwatopa kudikira, mwakwera nonse, ndipo ndimabwera kudzakukalipirani." Maso awo anagwera pa kampweya kamene kanali m'dzanja lake. Nkhope yawo inasintha. "Kali ndi iwe?"

Namzeze anangomasula mabuleki.

"Iwe kwera ukawauze anzako asachoke panyanja!" anamva amalume akuuza kamtsikana kaja kumbuyo kwake.

5. Utsi

Pamphambano nthambi ija inali pomwepo. Tayala limodzi linali litaiponda pakati, n'kupitirira kutsikira kuchigwa.

Msewuwo unali wotsetsereka bwino, wokoma kupalasa. Chigubu ayenera kuti anasangalala nawo. Koma kumunsi mitengo inatha mwadzidzidzi. Kunali zitsa zatsopano zodontha utomoni, nthambi zofota ndi milu ikuluikulu ya dothi yofuka utsi. Anali mauvuni a makala. Eniake kunalibe. Anthu a ntchito imeneyi akamva mlendo amasungunuka ngati mchere.

Utsi unam'lowa m'maso. Anatsokomola.

"Chigubu!"

Zii.

"Chigubu! Ndine!"

Sanaone mtengo umene unagwetsedwa chopingasa msewu. Anaugunda, nauluka, nagwera m'phulusa, njinga n'kumugwera pamwamba. Chigongono chinang'ambika. Anadzuka osachiyang'ana.

Ali chiimire anamva kaphokoso. Sikanali kulira, sikanali kuitana. Kanali kamluzu kopyapyala, kolowa ndi kutuluka, ngati chubu chobooka.

Anam'peza kuseri kwa uvuni, atakhala pansi, manja atagwira maondo. Mapewa ankakwera mpaka m'makutu. Botolo lake linali litagubuduka, madzi onse atatayika. Milomo inali yotuwa.

"Ache... mwali..."

"Usayankhule!"

Anakhutchumula kampweya, nakaika pakamwa pake, nakadina. "Koka! Gwira mpweya. Gwira! Tulutsa." Anadinanso. Kenaka anam'gwira m'khwapa, nayamba kumukoka chobwerera, kuchoka mu utsi. Mnyamatayo anali wolemera, ndipo miyendo yake inkangokwakwaza pansi. Namzeze anagwa, nadzuka, nakokabe mpaka pakachitunda pamene mphepo inkakankhira utsi kumbali.

Anamukhazika chotsamira chitsa. Pang'onopang'ono mapewa anayamba kutsika. Kamluzu kanachepa.

"Ndinkaona ngati... muli kutsogolo," anatero Chigubu. "Ndinkathamanga... kuti ndikupezeni... musachite nane manyazi."

Namzeze anayang'ana kumbali. Anabwerera mu utsi kukatenga njinga yake.

6. Therezi

Amalume anafika mwendo wawo wolumala ukunjenjemera papedulo. Anagwada, naika khutu pachifuwa pa mnyamatayo, namvetsera nthawi yaitali. Atadzuka anayang'ana Namzeze.

"Pamphambano paja panachitika chiyani?"

Chigubu ndiye anayankha. "Achemwali... anaima. Ndinakweza dzanja. Ine ndi amene... ndinafuna kuona... kumunsi kuno."

Ananena bodzalo ndi mpweya wobwereka. Litatha anatsokomola mpaka misozi.

Amalume sanachotse maso pa Namzeze.

"Akunama," anatero Namzeze. "Sanandione. Dzanja sanakweze. Ndinasiya nthambi n'kumapita."

"Nthambi."

"Eya, amalume."

"Ine ndinasiya mlongo wako m'manja mwa munthu, iwe n'kumusiya m'manja mwa nthambi." Sanakweze mawu. Zikanakhala bwino akanakalipa. "Mwana wa mlongo wanga, liwiro si nzeru. Galu amathamanga, mbava imathamanga, ngakhale madzi a m'ngalande amathamanga. Wokuombera m'manja lero mawa aombera wina, dzina lako ataliiwala. Koma uyu, taona, akulephera kupuma, komabe mpweya wochepa umene ali nawo akuuthera pa iwe. Anthu otere sapezeka kawiri. Zina tikakamba kunyumba, pamaso pa mayi ako."

Kamluzu kaja kanayambanso. Poyamba kanali kapansipansi, kenaka kanakula. Chigubu anatambasula dzanja.

Namzeze anakhutchumula kampweya, nadina. Kanangoti fyee, mopanda mphamvu. Anadinanso. Sikanatulutse kanthu.

Amalume anakalanda, nakagwedeza pafupi ndi khutu, nakaika m'thumba mwakachetechete.

"Uyu sangapalase," anatero. "Ndimubereka ndikwere naye kumene kuli mpweya wabwino, koma ndi mwendo uwu sindifika patali. Kubwerera njira tinadzera ija n'kutali kwambiri. Tamvera. Kuseri kwa chitunda icho kuli nyumba ya alonda a nkhalango. Ali ndi galimoto. Njira yachidule ndi ya patherezi."

Therezi linali njira yotsetsereka koopsa imene amalume analetsa gulu lonse. Ngakhale Sipoko ankangoisuzumira n'kubwerera.

"Miyala yake ndi yosakhazikika. Khalira kumbuyo kwa chishalo. Buleki ya kutsogolo usaikhulupirire, ikuponya chamutu. Dalira ya kumbuyo. Ukafika pamlatho wa matabwa tsika, unyamule njinga. Ukagwa, palibe wina woti ndimutume. Umati umathamanga. Thamanga tsopano."

Anawerama, Namzeze n'kuwathandiza kukweza Chigubu kumsana. Mnyamatayo anatsegula pakamwa ngati akufuna kunena nthabwala, koma mpweya sunakwane. Anangotsamiritsa mutu paphewa la amalume.

Namzeze anapalasa kudutsa pakati pa zitsa, nakwera chitunda chija magazi a pachigongono akudonthera pahandulo. Pamwamba anaima. Therezi linali pansi pa tayala lake, loyera ndi miyala, lotsika ngati khoma. Kutali kumunsi, denga la malata linkanyezimira pakati pa mitengo.

Anafinya buleki ya kumbuyo kuti aiyese. Chogwirira chinabwera chofewa mpaka kukhudza handulo. Anayang'ana pansi. Waya wake anali lendee, ataduka pamene iye anagwa paja.

Anacheuka. Amalume anali atalowa kale m'mitengo, kachipewa kachikasu kakugwedezeka kumsana kwawo. Ngakhale akanakuwa, sakanamumva.

Anapukuta dzanja pajezi, nakhalira kumbuyo kwa chishalo, nachotsa phazi pansi.